Richard Bright: dotolo yemwe adatulukira matenda a impso ndi supuni ndi kandulo

Dzina la Richard Bright silimveka kawirikawiri m'makomo muno, koma ntchito yomwe adayamba ikugwiridwa tsiku ndi tsiku m'zipatala za dziko lonse lapansi. Namwino akapereka kabotolo kwa mayi woyembekezera kuti akaikemo mkodzo, kapena dotolo akatumiza munthu wodwala BP kulabotale kuti akayezetse impso, amakhala akuyenda m'njira yomwe mkuluyu adalambula zaka pafupifupi 200 zapitazo.

Bright adali dotolo wa ku Mangalande yemwe m'chaka cha 1827 adaonetsa poyera kuti munthu akatupa thupi, mkodzo wake n'kumagwirana ukatenthetsedwa, ndiye kuti impso zake zaonongeka. Zida zomwe ankadalira zidali supuni, kandulo ndi kope lolembamo zomwe waona. Kwa zaka zoposa 100 zotsatira, matenda a impso ankatchulidwa ndi dzina lake, ndipo mpaka lero madotolo amamutenga ngati tate wa maphunziro a impso.

Mwana wa mpondamatiki

Richard Bright adabadwa pa 28 Sepitembala 1789 mumzinda wa Bristol. Iye adali mwana wamwamuna wachitatu wa bambo Richard Bright ndi mayi Sarah Heywood. Bambo akewo adali munthu wamalonda komanso mwini banki, ndipo banjali lidali limodzi mwa mabanja ochita bwino mumzindawo. Gawo lina la chuma chawo lidachokera kuminda ya nzimbe ya pachilumba cha Jamaica, komwe ogwira ntchito adali akapolo ochokera ku Africa, monga zidalili ndi mabanja ambiri olemera a ku Bristol nthawi imeneyo.

Chumachi chidachititsa kuti mnyamatayu aphunzire mosavutika. Atayamba sukulu ku Bristol ndi ku Exeter, m'chaka cha 1808 adapita kuyunivesite ya Edinburgh m'dziko la Scotland komwe adakayamba maphunziro a udotolo.

Ali wamng'ono, Bright ankakonda kutola miyala, kuyang'anitsitsa zomera komanso kujambula ndi pensulo chilichonse chomwe waona. M'chaka cha 1810 adaimitsa kaye sukulu n'kutsagana ndi Sir George Mackenzie komanso mnzake Henry Holland paulendo wa panyanja wopita kudziko lozizira la Iceland. Kumeneko adakwera mapiri, adatola zomera ndipo adajambula zithunzi zomwe zidalowa m'buku lofotokoza za ulendowo.

Atabwerako adakapitiriza maphunziro ake pachipatala cha Guy's mumzinda wa London, kenako adabwerera ku Edinburgh komwe adalandira digiri ya udotolo.

Mtima wokonda kuyenda sudamuthere. M'chaka cha 1814 adayendera zipatala za ku Germany ndi ku Vienna, n'kupitirira mpaka ku Hungary. Pobwerera kwawo mu 1815 adadzera ku Brussels, nkhondo yotchuka ya ku Waterloo itangotha kumene, ndipo adaona ndi maso ake asilikali ovulala ali mbwee m'zipatala. Zomwe adaona ku Hungary adazilemba m'buku lomwe lidatuluka mu 1818. Omwe adaliwerenga adaona kuti mlembi wake adali munthu wosalola kanthu kumudutsa, kaya ndi kavalidwe ka anthu, kalimidwe kapena maonekedwe a dothi. Khalidwe lomweli ndi lomwe adapita nalo m'mawodi.

Ntchito ndi chisoni

Atakhazikika ku London, Bright adayamba ntchito pachipatala cha odwala matenda opatsirana otentha thupi, komwe naye adatenga matendawo mpaka kutsala pang'ono kumwalira. Atachira, m'chaka cha 1820 adalembedwa ntchito pachipatala cha Guy's ngati wachiwiri kwa dotolo, ndipo mu 1824 adakwezedwa kukhala dotolo wamkulu.

Chipatalachi, chomwe chidakhazikitsidwa mu 1721, chili kufupi ndi mlatho wa London Bridge ndipo chinkalandira anthu osauka: amalinyero, onyamula katundu padoko, antchito a m'nyumba ndi ena otero. Pamalopa Bright adagwira ntchito limodzi ndi Thomas Addison ndi Thomas Hodgkin. Aliyense mwa atatuwa adasiya dzina lake pa nthenda yomwe adaifotokoza koyamba.

Kunyumba zinthu sizidamuyendere bwino poyamba. Mu 1822 adakwatira Martha Babington, mwana wa dotolo wina wamkulu wa pa Guy's pomwepo, koma chakumapeto kwa 1823 mkaziyo adamwalira atangobereka mwana wawo woyamba. Bright adatsala ndi khanda m'manja ali ndi zaka 34. Zaka zotsatira adadzipereka kwathunthu kuntchito, ndipo ankatha maola 6 patsiku akuzungulira m'mawodi komanso m'chipinda chopimira mitembo. Mu 1826 adakwatiranso Eliza Follett yemwe adabereka naye ana angapo.

Nthenda yotupitsa thupi

Masiku amenewo, mawodi ankadzaza ndi anthu odwala nthenda yomwe akuluakulu amati mbulu. Munthu ankatupa miyendo, mimba ndi nkhope moti ukadina ndi chala pamwendo, pankatsala kadzenje. Madotolo ankaona kutupaku ngati nthenda payokha, ndipo akafuna kuloza chomwe chayambitsa ankatchula mtima kapena chiwindi. Za impso ankaziganizira mwa apo ndi apo.

Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Impso zili mkati kwambiri, kumsana kunsi kwa nthiti, komwe dzanja la dotolo silifika bwino. Mtima umamveka kugunda, mapapo amatsokomoletsa, koma impso zimatha kuonongeka pang'onopang'ono kwa zaka zambiri osapweteka n'komwe.

Lero zikudziwika kuti impso iliyonse ili ndi tisefa ting'onoting'ono pafupifupi 1 miliyoni. Patsiku, impso ziwiri zimasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180, koma ochuluka zimawabwezera m'thupi n'kutaya lita imodzi ndi theka yokha ngati mkodzo. Sefa wabwino amalola zoipa kutuluka n'kusunga zofunika. Chimodzi mwa zofunikazo ndi albumin, mtundu wa mapuloteni womwe umathandiza kuti madzi akhale m'mitsempha. Tisefa tikaonongeka, albumin amadontha n'kutuluka ndi mkodzo, mchere ndi madzi zimatsalira m'thupi, ndipo munthu amayamba kutupa.

Bright sadali woyamba kuona kuti mkodzo wa odwala ena umagwirana pamoto. Frederik Dekkers wa ku Netherlands adaziona mu 1694, Domenico Cotugno wa ku Italy mu 1764, ndipo madotolo awiri a ku Mangalande, William Wells ndi John Blackall, adalembapo za nkhaniyi chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1810. Chomwe chidasowa ndi munthu woti alumikize zomwe zikuoneka m'mkodzo wa wodwala ali moyo ndi zomwe zikupezeka mu impso zake atamwalira, ndipo azichite mobwerezabwereza mpaka pasakhalenso mtsutso.

Supuni ndi kandulo

Kayezedwe ka Bright kadali kosavuta. Ankathira mkodzo wa wodwala musupuni n'kuiika pamoto wa kandulo. Mkodzo wa munthu wa impso zabwino unkangowira osasintha. Koma ukakhala ndi albumin, unkachita mbuu n'kupanga zoyera zogwirana, monga momwe choyera cha dzira chimachitira chikagwera m'chiwaya chotentha.

Zomwe wapeza ankazilemba tsiku ndi tsiku: kuchuluka kwa mkodzo, mtundu wake, kugunda kwa mtima, kutupa kwa thupi ndi madandaulo a wodwalayo. Wodwala akamwalira, Bright ankatsatira mtembo kuchipinda chopimira kuti akaone ziwalo zonse chimodzichimodzi.

Munthu woyamba m'buku lake ndi John King, bambo wa zaka 34 yemwe adagwirapo ntchito m'sitima za panyanja ndipo ankamwa kwambiri mowa. King adagonekedwa pa Guy's pa 12 Okutobala 1825 atatupa thupi lonse. Ankataya madzi ochepa, ndipo mkodzo wake unkagwirana ukaikidwa pamoto. Madotolo adayesa mankhwala onse omwe adali nawo koma sizidathandize, ndipo bamboyo adamwalira m'mwezi wa Novembala chaka chomwecho. Atapima mtembo wake adapeza kuti impso zonse ziwiri zidali zolimba ndi zokhakhala kunja, mtima nawo udali utakula.

Pambuyo pa King padabwera ena, amuna ndi akazi, achinyamata ndi achikulire. Mwa ena impso zidali zazikulu, zofewa ndi zotuwa, mwa ena zamathothomathotho, mwa enanso zofota ndi zolimba. Koma nkhani idali imodzi: kutupa, albumin m'mkodzo ndi impso zoonongeka. Bright adaonanso kuti anthu omwe adatupa kaamba ka matenda a chiwindi, mkodzo wawo sunkagwirana. Apa ndiye kuti supuni ija idayamba kusiyanitsa odwala omwe m'maso ankaoneka ngati akudwala nthenda imodzi.

Mu 1827 adatulutsa buku lotchedwa Reports of Medical Cases, momwe adafotokoza za odwala impso oposa 20, aliyense ndi mbiri yake, pamodzi ndi zithunzi za impsozo zopakidwa utoto ndi manja. Bukuli lidafalikira msanga. Ku Edinburgh, dotolo Robert Christison adabwereza kafukufukuyu pa odwala ake n'kupeza zofanana, ndipo posakhalitsa madotolo a ku France ndi ku Germany adayamba kutchula matendawa kuti nthenda ya Bright.

Magazi nawo adaulula

Mutu umodzi susenza denga. Bright ankadziwa kuti luso lake lidali la m'wodi, kotero adapempha John Bostock, dotolo yemwenso adali katswiri wosanthula zinthu mulabotale, kuti aunike mkodzo ndi magazi a odwalawo. Makalata a Bostock ofotokoza zomwe adapeza adaikidwa m'buku lomwelo.

Bostock adapeza zinthu zomwe mpaka lero ndi maziko a kayezedwe ka impso. Mkodzo wa odwala ambiri udali wopepuka, wamadzimadzi kuposa wa munthu wabwinobwino. Albumin yemwe amayenera kukhala m'magazi adali atachepa m'magazimo n'kumapezeka m'mkodzo. Pomwe urea, yemwe ndi zinyalala zotsala thupi likagwiritsa ntchito mapuloteni a m'zakudya monga nyama, nsomba ndi nyemba, adali wochepa m'mkodzo, ndipo m'magazi mudayamba kuoneka zizindikiro zake. Mwachidule, impso zodwala zinkataya chofunika n'kusunga choipa.

Zimenezi zidagwirizana ndi zomwe akatswiri awiri, Jean-Louis Prévost ndi Jean-Baptiste Dumas, adapeza ku Geneva mu 1821. Iwo atachotsa impso za nyama, adaona kuti urea adayamba kuunjikana m'magazi. Izi zidasonyeza kuti impso sizipanga urea koma zimangomuchotsa. Mu 1829 Christison adatsimikiza kuti urea amachulukadi m'magazi a anthu odwala impso. Kuyambira pamenepo padakhala njira ziwiri zofufuzira impso popanda kung'amba munthu: kuona chomwe chikutayika m'mkodzo, ndi kuona chomwe chikuunjikana m'magazi.

Mtima ndi impso

Bright sadalekere pomwepo. Mu 1836 adasindikiza nkhani ina m'magazini ya chipatala cha Guy's momwe adaika mndandanda wa anthu 100 omwe adamwalira ali ndi albumin m'mkodzo. M'nkhaniyi adafotokoza momwe matendawa amayendera kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Munthu amayamba kutupa nkhope m'mawa, khungu limayezuka kaamba kochepa magazi, mutu umapweteka, amasanza, maso amachita chidima, ndipo pamapeto ena amagwa ngati akhunyu n'kukomoka osadzukanso. Adachenjezanso kuti kutupa kumatha kuchoka wodwala n'kuganiza kuti wachira, chikhalirecho matenda akupitirira mkati, ndipo chomwe chimaulula ndi mkodzo. Poyerekeza, iye adati mumzinda wa London mokha matendawa ankapha anthu osachepera 500 pachaka.

Chinthu china chidamudabwitsa. Pafupifupi theka la anthu 100 aja adali ndi mtima wokula, makamaka mbali yakumanzere yomwe imapopa magazi kupita m'thupi lonse, ndipo mwa ambiri mtimawo udalibe chilema china chofotokoza kukulako. Iye adaganiza kuti mwina magazi akuvutika kudutsa m'timitsempha ting'onoting'ono, kotero mtima ukugwira ntchito yakalavulagaga. Nthawi imeneyo kudalibe chida choyezera kuthamanga kwa magazi. Lamba wokulunga pamkono uja adapangidwa mu 1896 ndi Scipione Riva-Rocci wa ku Italy, Bright atamwalira kale. Koma zomwe adaganizazo zidali zoona: impso zodwala zimakweza BP, ndipo BP yokwera imaononga impso.

Pa zomwe zimayambitsa matendawa, Bright adatchula kumwa mowa mwauchidakwa, kuzizidwa komanso matenda a ana otchedwa scarlet fever. Pa mfundo yomalizayi adalondola. Lero zikudziwika kuti tizilombo tomwe timayambitsa zilonda zapakhosi ndi zapakhungu mwa ana timatha kuchititsa kuti impso zitupe patadutsa sabata zingapo, mwana n'kuyamba kutupa nkhope ndi kukodza mkodzo wofiirira ngati tiyi.

Mu 1842, akuluakulu a Guy's adamupatsa mawodi awiri, ya amuna ndi ya akazi, kuti kwa miyezi ingapo mugonekedwe odwala impso okhaokha. Pakati pa mawodiwo padali chipinda chokumaniramo madotolo ndi kalabotale komwe George Owen Rees ankayeza magazi ndi mkodzo. Ambiri amati aka kadali koyamba kuti chipatala chipatule malo ofufuzira nthenda imodzi, madotolo ndi a mulabotale akugwirira ntchito pamodzi.

Chaka chotsatira, John Lever, dotolo wa azimayi pachipatala chomwecho, adagwiritsa ntchito njira ya Bright pa amayi oyembekezera omwe ankakomoka ndi kugwa ngati akhunyu nthawi yobereka, ndipo adapeza albumin m'mkodzo wawo. Apa ndi pomwe padachokera mwambo woyeza mkodzo kusikelo. Mayi akapezeka ndi mapuloteni m'mkodzo, BP yake n'kukhalanso yokwera, anamwino amadziwa kuti moyo wake ndi wa mwana uli pachiswe ndipo ayenera kuthandizidwa msanga.

Kudziwa nthenda, kusowa mankhwala

Chomvetsa chisoni n'chakuti Bright ankatha kudziwa nthenda koma adalibe mankhwala ochizira. Monga madotolo onse a nthawi yake, ankatema mtsempha kuti magazi ena atuluke, kuika misundu pakhungu, kupereka mankhwala otsegula m'mimba ndi otulutsa thukuta, komanso kulangiza odwala kuti azivala zofunda ndi kusiya mowa. Zina mwa njirazi zinkangofooketsa odwala omwe adali kale ndi magazi ochepa. Iye mwini sadabise kuti chithandizo chomwe ankapereka sichinkamukhutiritsa, makamaka matenda akakhala kuti akhalitsa.

Ngakhale zidali choncho, mbiri yake idakula. Mu 1837 adasankhidwa kukhala mmodzi mwa madotolo a Mfumukazi Victoria, ndipo chaka chotsatira bungwe la akatswiri a sayansi la ku France lidamupatsa mphotho ya Monthyon. Adalembanso za matenda a ubongo, a chiwindi, a kapamba ndi zotupa za m'mimba, komanso adalemba buku lophunzitsira madotolo pamodzi ndi Addison. Chapakati pa zaka za m'ma 1840 adasiya ntchito pa Guy's n'kumaona odwala kunyumba kwake mumsewu wa Savile Row.

Richard Bright adamwalira pa 16 Disembala 1858 ali ndi zaka 69. Chomwe chidamutenga ndi matenda a mtima, pomwe khomo lotulukira magazi mumtimamo lidachepa. Adaikidwa m'manda a Kensal Green ku London. Mmodzi mwa ana ake, James Franck Bright, adadzakhala katswiri wa mbiri yakale komanso mkulu wa koleji ina payunivesite ya Oxford.

Omwe adapitiriza ntchito

Supuni ya Bright inkangonena kuti impso zili ndi vuto. Funso lomwe lidatsala lidali lakuti zaonongeka kufika pati. Urea adathandiza, koma ali ndi vuto lake: amakwera munthu akadya nyama yambiri, akasowa madzi m'thupi kapena akamataya magazi m'matumbo, ngakhale impso zili bwino.

Yankho lidapezeka mwa creatinine, zinyalala zochokera m'minofu. Thupi limapanga creatinine pamlingo wofanana tsiku lililonse ndipo amatuluka kudzera mu impso, kotero akayamba kuchuluka m'magazi ndiye kuti sefa wafooka. Mu 1886 Max Jaffe wa ku Germany adapeza kuti creatinine akasakanizidwa ndi mankhwala ena amasanduka wofiirira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Otto Folin ku America adagwiritsa ntchito kusintha mtunduku poyeza kuchuluka kwake, ndipo malabotale ambiri akutsatabe njira imeneyi. Mu 1926 Poul Rehberg wa ku Denmark adaonetsa kuti creatinine angagwiritsidwe ntchito powerengera kuchuluka kwa magazi omwe impso zikusefa.

Mwa munthu wamkulu wamwamuna, creatinine amakhala pakati pa 60 ndi 110 pamuyeso womwe malabotale ambiri amagwiritsa ntchito, ndipo mwa amayi amakhala wocheperapo. Koma nambalayi payokha imatha kunamiza. Mnyamata wa minofu yambiri amakhala ndi creatinine wokwererapo impso zake zili bwinobwino, pomwe gogo wowonda akhoza kukhala ndi nambala yooneka yabwino impso zake zitafooka. Komanso impso zimatha kutaya pafupifupi theka la mphamvu zake creatinine asadadutse malire. N'chifukwa chake mu 1976 madotolo awiri a ku Canada, Donald Cockcroft ndi Henry Gault, adapanga masamu ophatikiza creatinine, zaka, kulemera kwa munthu komanso ngati ali mwamuna kapena mkazi. Masamuwa akhala akukonzedwa, ndipo lero papepala la zotsatira pamalembedwa nambala yotchedwa eGFR.

Nambala ya eGFR imaonetsa mphamvu ya impso posefa magazi. Mwa wachinyamata wathanzi imakhala 90 kapena kuposera apo. Ikakhala pansi pa 60 kwa miyezi yoposa 3, madotolo amati munthu ali ndi matenda a impso okhalitsa. Ikatsika pansi pa 15 ndiye kuti impso zalephera, ndipo wodwala amayandikira kufuna makina osefa magazi kapena kupatsidwa impso ina. Pamenepa madotolo amayang'ananso mchere wotchedwa potassium, womwe ukachuluka umatha kuimitsa mtima mwadzidzidzi, komanso kuchuluka kwa magazi, poti impso ndi zomwe zimatumiza uthenga woti thupi lipange magazi. Ichi ndi chifukwa chake odwala a Bright ankayezuka.

Pali kulephera kwina kwa impso komwe kumadza mwadzidzidzi, munthu akatsegula m'mimba kwambiri, akadwala malungo aakulu kapena mayi akataya magazi ambiri pobereka. Apa creatinine amakwera m'masiku ochepa ndipo mkodzo umachepa. Kukadziwika msanga, impso zambiri zimabwerera mwakale.

Kayezedwe ka albumin nako kadasintha. M'zaka za m'ma 1950 kudabwera timapepala toviika m'mkodzo tomwe timasintha mtundu mukakhala mapuloteni, ndipo supuni ndi kandulo zidapuma. Malabotale tsopano amatha kupeza albumin wochepa kwambiri yemwe sakadaoneka pamoto, ndipo mwa anthu odwala shuga ichi chimakhala chizindikiro choyamba, zaka zambiri creatinine asadakwere.

Kafukufuku sadathe. Masamu a eGFR adapangidwa poyeza makamaka anthu a ku America ndi ku Ulaya. Kafukufuku yemwe adasindikizidwa mu 2022, atayeza anthu oposa 2,500 a ku Malawi, Uganda ndi South Africa, adapeza kuti masamu odalira creatinine amaonetsa ngati impso za anthu a kuno zili ndi mphamvu kuposa momwe zilili, kutanthauza kuti odwala ena amaphonyedwa. Chizindikiro china cha m'magazi chotchedwa cystatin C, chomwe sichidalira kukula kwa minofu, chidapereka zotsatira zabwinopo, ngakhale kuti kuyeza kwake n'kokwera mtengo.

Mankhwala omwe Bright adawasowa adabwera mochedwa. Makina osefa magazi adapangidwa ndi Willem Kolff ku Netherlands mkati mwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo adapulumutsa munthu woyamba mu 1945. Mu 1954 madotolo a ku Boston adakwanitsa kuika impso ya munthu mwa mnzake yemwe adali mapasa naye. Ku Malawi makina osefa magazi amapezeka m'zipatala zochepa, monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo wodwala amayenera kupitako kangapo pasabata kwa moyo wake wonse. Ichi n'chifukwa chake madotolo amalimbikitsa anthu odwala shuga, BP, omwe ali ndi HIV, omwe adadwalapo likodzo kwa nthawi yaitali komanso omwe kubanja kwawo kuli matenda a impso kuti aziyezetsa mkodzo ndi magazi kamodzi pachaka, ngakhale asakumva kupweteka paliponse. Vuto likadziwika msanga, mankhwala otsitsa BP ndi shuga, kuchepetsa mchere komanso kupewa kumwa mwachisawawa mankhwala opha ululu monga Brufen ndi diclofenac zimachedwetsa kuonongeka kwa impso ndi zaka zambiri.

Dzina lakuti nthenda ya Bright lidakhala m'mabuku a madotolo mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1900, ndipo mwa anthu otchuka omwe adadwala nthendayi mudali Chester Arthur, mtsogoleri wakale wa dziko la America yemwe adamwalira mu 1886. Dzinali lidasiyidwa zitadziwika kuti mkati mwake mudali matenda osiyanasiyana. Zina mwa impso zomwe Bright adachotsa m'mitembo ya odwala ake zikusungidwabe kumalo osungirako zinthu zakale a Gordon pa Guy's. Mu 1972 akatswiri adaunika zitatu mwa izo ndi makina oonera tinthu ting'onoting'ono, ndipo adapeza kuti ziwiri zidali ndi nthenda yotupitsa tisefa pomwe imodzi idali ndi nthenda ina yotchedwa amyloid. Zonse zitatu zidalidi impso zodwala, monga momwe mwini wake adalembera zaka zoposa 130 m'mbuyomo.